Dzina la Kazembe pa Mwala: Chiyankhulo cha Boma m'Zolembedwa za Agiriki Zolemekeza Akazembe a Nkhondo

1.0 Mawu Oyamba

Cha m'chaka cha 352 B.C., Demosthenes, katswiri wa zoyankhula pa mabwalo a ku Athens, adalemba dandaulo limene kwa ife ophunzira za ziyankhulo limamveka ngati phunziro la galamala. Iye adati m'masiku a makolo padalibe munthu amene ankanena kuti Themistocles ndiye adapambana nkhondo ya pa Salamis, kapena kuti Miltiades ndiye adapambana ya pa Marathon, chifukwa aliyense ankadziŵa kuti chipambanocho chidali cha mzinda. Koma m'masiku ake, iye adatero, anthu adayamba kunena kuti Timotheos adalanda Corcyra, Iphikrates adakantha gulu la asilikali a ku Sparta, ndipo Chabrias adapambana nkhondo ya panyanja pa Naxos. Nkhondozo zidachitikadi, ndipo Demosthenes sadatsutse zimenezo. Chimene chidamudetsa nkhaŵa ndi dzina limene linkaikidwa pa malo a mwininkhani m'chiganizo.

Cholinga cha pepala lino ndi kuwonetsa kuti nkhaŵa imeneyi idali ndi maziko, ndi kuti umboni wake udakalipo pa miyala imene Agiriki adazokotapo mawu olemekeza akazembe awo a nkhondo. Tiwona kuti pa miyala imeneyi kasankhidwe ka mwininkhani, ka malembo, ka kayankhulidwe ka dera, ndiponso ka maina a maudindo, kadali nkhani ya boma, imene nthaŵi zina inkagamulidwa poyera pa msonkhano wa nzika. Pa chifukwa chimenechi tikhulupirira kuti miyalayi ili ndi phunziro kwa onse amene ali pa ntchito yokonza ndi kukhazikitsa chiyankhulo cha boma.

Mawu oti kazembe wa nkhondo tawagwiritsa ntchito pomasulira mawu a Chigiriki oti stratēgos, amene adapangidwa kuchokera ku dzina loti stratos 'khamu la nkhondo' ndi mneni woti agō 'nditsogolera'. Ku Athens, kuyambira cha m'chaka cha 501 B.C., akazembe otere ankasankhidwa khumi chaka chilichonse. Maudindo ambiri a mumzindawo ankagaŵidwa pochita maere, koma akazembe ankasankhidwa pokweza manja, ndipo munthu ankatha kusankhidwa zaka zambiri motsatizana. Motero udindowu ndiwo udali khomo limene munthu mmodzi akadadzerapo n'kukula mphamvu kuposa nzika zinzake. Mawu a Chigiriki tawalemba m'malembo a Chiroma, ndipo ē ndi ō akuimira malembo a liwu otalika.

2.0 Umboni ndi Kaŵerengedwe Kake

Ntchito yosonkhanitsa zolembedwa za pa miyala ya Agiriki idayambidwa mwadongosolo ndi August Böckh ku Berlin m'chaka cha 1815, ndipo idapitirizidwa m'mabuku otchedwa Inscriptiones Graecae kuyambira m'chaka cha 1873. Zopezeka zatsopano zimasonkhanitsidwa mu Supplementum Epigraphicum Graecum, limene lidayamba kutuluka m'chaka cha 1923. Kwa wophunzira za chiyankhulo, ubwino wa miyala ndi woti sidadzere m'manja mwa alembi. Mabuku a Thucydides kapena a Demosthenes adatipeza atakopedwa kambirimbiri pa zaka zoposa chikwi, ndipo mlembi aliyense adali ndi mwaŵi wokonza zimene ankaziwona ngati zolakwika. Mwala uli ndi malembo omwewo amene mmisiri adazokota, pamodzi ndi zophonya zake. Komanso zigamulo zambiri za ku Athens zimatchula dzina la archōn, mkulu amene chaka chinkadziŵika ndi dzina lake, kotero kuti timatha kudziŵa chaka chenicheni chimene mawu adalembedwa.

Komabe pali chenjezo limodzi. Miyala yambiri idasweka, ndipo ina idagwiritsidwa ntchito pomangira malinga ndi ngalande. Akatswiri amabwezeretsa malembo osoŵa, ndipo potsata mgwirizano wa ku Leiden wa chaka cha 1931, malembo obwezeretsedwawo amaikidwa m'mabulaketi a ngodya. Ku Athens ntchitoyi imapepukirako chifukwa cha kalembedwe kotchedwa stoichēdon, kamene malembo ankandandalikidwa molunjika chopingasa ndi chotsika, mzere uliwonse n'kukhala ndi chiŵerengero chofanana cha malembo. Woŵerenga amatha kudziŵa kuti pasoŵa malembo angati. Koma chimene amadzazapo amachitenga ku mawu ozoloŵereka a pa miyala ina. Choncho wofufuza amene aŵerengera mawu a m'mabulaketi ngati umboni woti Agiriki ankalemba mofanana kulikonse, akungoŵerenga maganizo a mkonzi.

3.0 Mwininkhani ndi Pamtherankhani

M'Chicheŵa ntchito ya dzina m'chiganizo imadziŵika ndi malo ake ndiponso ndi agwirizanitsi a pa mneni. M'Chigiriki imadziŵika ndi mathero a dzinalo. Dzina loti Konon likakhala mwininkhani limalembedwa Konōn, likakhala pamtherankhani limalembedwa Konōna, likasonyeza umwini limalembedwa Konōnos, ndipo likasonyeza wolandira limalembedwa Konōni. Kusiyana kumeneku ndiko maziko a zonse zimene tikambe m'gawo lino.

Kalembedwe kakale kwambiri kokhudza akazembe ndi ka mphatso zopereka kwa milungu. Pa chisoti cha mkuwa chimene chidapezeka ku Olympia pali mawu aŵa:

(1) Miltiadēs anethēken tōi Di
'Miltiades adapereka kwa Zeus'

Apa kazembe ndiye mwininkhani, koma chimene akuchita ndi kupereka mphatso, ndipo ulemu ukupita kwa mulungu. Vuto linkabuka pamene kazembe adafuna kukhala mwininkhani wa chipambano chenichenicho. Agiriki atagonjetsa Aperisiya pa Plataea m'chaka cha 479 B.C., adaimika ku Delphi chipilala cha mkuwa cha njoka zitatu zopotana. Thucydides akusimba kuti Pausanias wa ku Sparta, amene adatsogolera nkhondoyo, adalembetsa pa mphatsoyo ndakatulo yonena kuti iyeyo ndiye adawononga khamu la adani. Anthu a ku Sparta adafafaniza ndakatuloyo msangamsanga, ndipo m'malo mwake adalemba maina a mizinda imene idamenya nawo nkhondoyo. Chipilalacho chidasamutsidwa ndi mfumu Constantine ndipo chidakaimabe ku Istanbul, ndi maina a mizinda 31. Dzina la Pausanias palibe.

Ku Athens zidachitikanso chimodzimodzi. Kimon atalanda mzinda wa Eion, pa mtsinje wa Strymon, cha m'chaka cha 476 B.C., msonkhano wa nzika udalola kuti paimikidwe miyala itatu yokumbukira chipambanocho. Aeschines, poyankhula pa mlandu wa chaka cha 330 B.C., adakumbutsa omvera ake kuti chilolezocho chidaperekedwa pokhapokha akazembewo asalembepo maina awo, kuti mawuwo awoneke kuti ndi a anthu onse. Apa tikuwona boma likulamula mwachindunji mawu oyenera ndi osayenera kulembedwa.

Mwambo umenewu udayamba kusweka pa mapeto a nkhondo yaikulu ya pakati pa Athens ndi Sparta. Lysander atagonjetsa zombo za Athens pa Aigospotamoi m'chaka cha 405 B.C., adaimika ku Delphi ziboliboli zoposa 30, za milungu, za iye mwini ndi za akuluakulu a zombo amene adali pansi pake, ndipo maina awo adazokotedwa pa miyala yokhazikapo ziboliboliyo. Patangopita zaka khumi ndi chimodzi, Konon adagonjetsa zombo za Sparta pa Knidos m'chaka cha 394 B.C., ndipo anthu a ku Athens adamuimikira chiboliboli cha mkuwa pa bwalo la malonda. Demosthenes akuti Konon ndiye adali woyamba kulandira ulemu wotere chiyambire Harmodios ndi Aristogeiton, aŵiri aja amene ankakumbukiridwa ngati omasula mzinda ku ulamuliro wankhanza. Pambuyo pake Iphikrates, Chabrias ndi Timotheos mwana wa Konon adalandiranso ulemu womwewo.

Dzina la kazembe lidaloŵa tsopano pa mwala wa boma, koma mizinda idapeza njira yoliikira malire. M'zaka zotsatira, makamaka kuyambira nthaŵi ya mafumu oloŵa m'malo mwa Alexander, mawu ozoloŵereka a pansi pa chiboliboli adakhala motere:

(2) ho dēmos ton deina
'anthu (mwininkhani) uje (pamtherankhani)'

Wopereka ulemu ndiye mwininkhani, wolemekezedwa ndiye pamtherankhani, ndipo mneni, amene akadakhala 'adaimika' kapena 'adalemekeza', kaŵirikaŵiri salembedwa n'komwe. John Ma, m'buku lake la chaka cha 2013 lotchedwa Statues and Cities, adafotokoza bwino tanthauzo la kalembedwe kameneka: ngakhale chiboliboli chitalike chotani, mawu a pansi pake amakumbutsa woŵerenga kuti wochita ndi mzinda, ndipo munthu wamkuluyo ndi wochitiridwa. Pa zidutswa za mwala wa chiboliboli cha Chabrias zimene zidafukulidwa pa bwalo la malonda la Athens padazokotedwa nkhata zingapo, ndipo mawu a pa nkhatazo akutchula magulu amene adazipereka, kuphatikizapo asilikali.

Womasulira m'Chicheŵa ayenera kusamala apa. Ife sitingasiye mneni, chifukwa mawu oti 'anthu uje' alibe mutu. Tiyenera kunena kuti 'anthu adamuimika uje', ndipo mphatikiri wa -mu- ndiye akugwira ntchito imene mathero a dzina akugwira m'Chigiriki. Womasulira amene angalembe kuti 'uje adalemekezedwa', pogwiritsa ntchito msintho wochitidwa, wakweza kazembe kukhala mwininkhani, motero wataya chinthu chimene mzinda udachisunga mosamala.

4.0 Kapangidwe ka Chigamulo Cholemekeza

Kupatula mawu aafupi a pansi pa ziboliboli, padali zigamulo zathunthu zimene zinkazokotedwa pa miyala yoimika. Chigamulo cha ku Athens chinkatsata ndondomeko yodziŵika. Poyamba pankalembedwa chaka, dzina la mlembi ndi dzina la wopereka ganizo, lotsatiridwa ndi mneni woti eipen 'adati'. Mphamvu ya chigamulo inkachokera m'mawu aŵa:

(3) edoxen tēi boulēi kai tōi dēmōi
'chidakomera bwalo ndi anthu'

Boulē lidali bwalo la nzika 500 limene linkakonza nkhani zokakambidwa, ndipo dēmos apa ndi msonkhano wa nzika zonse. Kenaka pankabwera nthambi ya chiganizo yoyamba ndi mlumikizi woti epeidē 'popeza', imene inkafotokoza ntchito za wolemekezedwa. Ulemu weniweniwo unkatchulidwa ndi aneni osasintha nthaŵi, ofanana ndi aneni athu oyamba ndi ku-, monga epainesai 'kutamanda' ndi stephanōsai 'kuveka nkhata'. Aneni onseŵa amadalira eipen kapena edoxen, kotero kuti chigamulo chonse, ngakhale chitalike mizere zana, m'galamala chimakhala mawu ochita kufotokoza zimene zidanenedwa ndi kuvomerezedwa pa msonkhano. Kazembe amakhala mwininkhani m'nthambi ya epeidē yokha, imene ili nthambi yodalira. Akafika pa ulemu, amabwerera kukhala pamtherankhani. Pomaliza pankabwera lamulo loti mlembi alembe chigamulocho pa mwala ndi kuuimika pa malo otchulidwa, ndiponso loti msungichuma apereke ndalama zake.

Chimene chidasintha kwambiri pa zaka zotsatira ndi kutalika kwa nthambi ya epeidē. Mzinda wa Erythrai, ku gombe la Asia Minor, udalemekeza Konon m'chaka cha 394 B.C. ndi chigamulo cha mizere yoŵerengeka. Iye adatchedwa euergetēs 'wochitira zabwino', adapatsidwa mpando wa kutsogolo pa maseŵero, adakhululukidwa msonkho, ndipo adalonjezedwa chiboliboli cha mkuwa chokutidwa ndi golide choti chiimikidwe pamene mwiniwake angafune. Tiyerekeze chimenechi ndi chigamulo cholemekeza Kallias wa ku Sphettos, cha chaka cha 270 kapena 269 B.C., chimene chidapezeka pa bwalo la malonda la Athens m'chaka cha 1971 chitavundikira ngalande, ndipo chidasindikizidwa ndi T. Leslie Shear m'chaka cha 1978. Chigamulochi chili ndi mizere 109. Chikusimba kuti pamene Athens idaukira mfumu Demetrios, cha m'chaka cha 287 B.C., Kallias, amene ankatumikira mfumu Ptolemy wa ku Egypt, adabwera kuchokera ku chilumba cha Andros ndi asilikali 1,000, adawalipira ndi kuwadyetsa, ndipo adateteza anthu pokolola kuti chakudya chiloŵe mumzinda. Nthambi imodzi yodalira yasanduka mbiri ya moyo wa munthu.

Si msonkhano wa mzinda wokha umene unkalemba motere. Ku Rhamnous, linga la asilikali la kugombe la kumpoto chakum'maŵa kwa Attica, kudapezeka zigamulo zambiri zimene anthu a m'deralo ndi asilikali ankalemekeza nazo akazembe oyang'anira madera a kugombe. Chimodzi mwa izo chikuyamikira kazembe Epichares chifukwa chakuti, pa nkhondo yolimbana ndi Macedonia ya m'zaka za m'ma 260 B.C., adaika alonda pa malo okwera, adateteza zokolola ndipo adawombola anthu amene adagwidwa ndi achifwamba a panyanja. Magulu aang'ono ameneŵa adatengera ndondomeko yonse ya chigamulo cha mzinda, ndi epeidē wake ndi epainesai wake. Sitikudziŵa za lamulo lililonse limene lidawakakamiza kutero. Kalembedweko kadafala chifukwa kankawonekera poyera ndipo kadali ndi ulemu.

Pali zinthu zina zitatu zoyenera kuzitchula. Choyamba, kuyambira pakatikati pa zaka za m'ma 300 B.C., zigamulo zidayamba kukhala ndi nthambi yosonyeza cholinga, yoyamba ndi hopōs an 'kuti', yonena kuti ulemuwo ukuperekedwa kuti ena adziŵe kuti anthu amabweza zabwino kwa owachitira zabwino. M'nyengo yomweyo mawu oti philotimia 'kukonda ulemu', amene kale ankamveka ngati chilema cha odzikweza, adayamba kulembedwa pa miyala ngati khalidwe lotamandika, malinga ngati kukonda ulemuko kukupindulira mzinda. Boma lidatenga mawu okayikitsa n'kuwapatsa tanthauzo latsopano powabwereza pa mwala ndi mwala. Chachiŵiri, lamulo la ku Athens linkaletsa kuveka nkhata munthu wa udindo asadafotokoze za kayendetsedwe ka udindo wake, choncho m'zigamulo zina timapeza mawu oti epeidan tas euthynas dōi 'akadzatha kuŵerengera za udindo wake'. Chachitatu, chimene boma lidalemba, boma linkathanso kuchifafaniza. M'chaka cha 200 B.C., pokwiya ndi mfumu Philip V, anthu a ku Athens adagamula kuti maina a mafumu a Macedonia achotsedwe pa zolembedwa za mzinda. Pa mwala wolemekeza Phaidros, mbale wake wa Kallias, amene adakhala kazembe kangapo, pali mizere yopalidwa ndi dala pamene padali mawu okhudza mafumuwo.

5.0 Malembo ndi Kayankhulidwe ka Madera

Pa chisoti cha Miltiades chija, lembo la liwu lomaliza m'dzinalo ndi E, ngakhale kuti liwulo ndi lotalika. Chifukwa chake n'chakuti m'malembo akale a ku Attica E ankaimira e wamfupi ndi wotalika yemwe, O ankaimira o wamfupi ndi wotalika yemwe, ndipo H ankaimira liwu la h. Mawu oti stratēgos ankalembedwa ndi E pakati. Kum'maŵa, ku Ionia, kumene liwu la h lidatha kale m'kayankhulidwe, H adapatsidwa ntchito yoimira e wotalika, ndipo padawonjezedwa lembo la Ω loimira o wotalika.

M'chaka cha 403 kuloŵa 402 B.C., pamene Eukleides adali archōn, anthu a ku Athens adavomereza ganizo la Archinos loti zolembedwa za boma zizilembedwa m'malembo 24 a ku Ionia. Ichi ndi chimodzi mwa zitsanzo zakale kwambiri za boma logamula za kalembedwe. Koma miyala ikuwonetsa kuti malembo a ku Ionia adali atayamba kale kugwiritsidwa ntchito ku Athens, pa miyala ya anthu wamba ndi pa zigamulo zina za boma, zaka zambiri lamuloli lisadaperekedwe. Lamulo lidangosindikiza chizoloŵezi chimene chidalipo kale. Ngakhale zili choncho, kusinthaku kudali ndi mtengo wake: liwu la h, limene anthu a ku Attica ankalitchulabe, lidasoŵa lembo, ndipo mawu ngati hopōs adayamba kulembedwa opanda chizindikiro cha liwu loyambalo. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kunkasiyanitsa mawu ena m'Chigiriki, nakonso sikunkalembedwa pa miyalayi, monga momwe ifenso sitikulembera m'Chicheŵa cha masiku onse.

Kalembedwe katakhazikika, katchulidwe kadapitirira kusintha, ndipo zophonya za amisiri ndizo zimatiululira. M'zigamulo zambiri za ku Athens za m'zaka za m'ma 300 ndi m'ma 200 B.C., mawu oti tēi boulēi amalembedwa tei boulei. M'nthaŵi ya ulamuliro wa Aroma, mneni woti etimēsen 'adalemekeza' amapezeka kaŵirikaŵiri atalembedwa eteimēsen, chizindikiro choti ei adali atayamba kutchulidwa ngati i.

Nkhani ya kayankhulidwe ka madera ndi yophunzitsanso. Mafumu a Macedonia adatenga Chigiriki cha ku Attica kukhala chiyankhulo cha m'maofesi awo, ndipo kuchokera pamenepo padakula Chigiriki cha onse chotchedwa koinē. Mizinda yambiri idatsata, koma ina idasunga zizindikiro za kwawo pa miyala ya boma. Mizinda yoyankhula kayankhulidwe kotchedwa Doric inkalemba damos m'malo mwa dēmos, ndi stratagos m'malo mwa stratēgos. Cha m'chaka cha 110 B.C., mzinda wa Chersonesos, ku Crimea, udalemekeza Diophantos wa ku Sinope, kazembe wa mfumu Mithridates VI, amene adaupulumutsa kwa Asikuti a mfumu Palakos. Adamugamulira nkhata ya golide ndi chiboliboli cha mkuwa chovala zida. Chigamulocho chili m'kayankhulidwe ka Doric, mpaka dzina la bambo wake lidalembedwa Asklapiodōros, ndi a pamene a ku Attica akadalemba ē. Koma kaluka ka ziganizo zake zazitalizo ndi komwe kaja ka m'maofesi a mafumu, kamene timakapeza ku Athens ndi kwina konse. Kayankhulidwe ka dera kadatsala m'malembo a liwu ndi m'mathero a mawu, pamene mafupa a chiganizo adali atasanduka a koinē.

6.0 Maina a Maudindo a Aroma

Aroma atafika, mizinda ya Agiriki idayenera kulemekeza akazembe a mtundu wina, okhala ndi maudindo amene Chigiriki chidalibe maina ake. Titus Quinctius Flamininus adagonjetsa Philip V pa Kynoskephalai m'chaka cha 197 B.C., ndipo m'chaka cha 195 B.C. adalanda doko la Gytheion m'manja mwa Nabis wa ku Sparta. Anthu a padokopo adalemba motere pansi pa chiboliboli chake:

(4) Titon Titou Koinktion stratagon hypaton Rhōmaiōn ho damos ho Gytheatan ton hautou sōtēra
'Titus mwana wa Titus, Quinctius, kazembe wamkulu wa Aroma, anthu a ku Gytheion (adamuimika), mpulumutsi wawo'

Chiganizo chimodzi chimenechi chikusonyeza zonse zimene takamba. Mroma wamphamvuyo dzina lake lili poyamba, koma lili m'maonekedwe a pamtherankhani, ndipo mwininkhani ndi ho damos. Mneni palibe. Kayankhulidwe ndi ka Doric. Dzina lake lakonzedwa mwa Chigiriki, la munthu kenaka la bambo wake, ndipo dzina lachitatu loti Flamininus lasiyidwa. Udindo wa consul wamasuliridwa kuti stratagos hypatos 'kazembe wapamwamba koposa', ngakhale kuti m'chakacho Flamininus adali atatsiriza kale chaka chake cha udindowo ndipo ankalamula asilikali pa mphamvu zowonjezedwa. Panthaŵiyo Chigiriki chidali chisadasiyanitse maudindo aŵiriŵa. Pambuyo pake consul adangotchedwa hypatos, ndipo proconsul adapangiridwa dzina loti anthypatos 'woima m'malo mwa hypatos'.

Tikuwona njira zitatu zopezera maina. Njira yoyamba ndi kukuza tanthauzo la mawu akale: stratēgos adayamba kuimira praetor, ndipo tamias 'msungichuma' adayamba kuimira quaestor. Njira yachiŵiri ndi kupanga mawu atsopano kuchokera ku matsinde a m'chiyankhulo momwemo, monga anthypatos. Njira yachitatu ndi kubwereka, monga diktatōr. Njira yoyamba ndi yachitatu si zachilendo kwa ife: nduna, phungu ndi kazembe ndi mawu akale amene adasenzetsedwa maudindo atsopano, pamene meya ndi khansala ndi obwereka. Njira yoyambayo ili ndi vuto lake, loti mawu amodzi amasenza matanthauzo aŵiri. Woŵerenga mwala wa m'nthaŵi ya Aroma akakumana ndi stratēgos ayenera kufufuza ngati akunena kazembe wa mzinda kapena praetor wa ku Rome.

Mroma akamadzilembera yekha, zinthu zinkasintha. Aemilius Paullus atagonjetsa mfumu Perseus pa Pydna m'chaka cha 168 B.C., adapeza ku Delphi chipilala chimene chinkakonzedwera chiboliboli cha Perseus, ndipo adalamula kuti paikidwe chake. Mawu a pa chipilalacho ali m'Chilatini, pakati pa malo opatulika a Agiriki. Dzina la Paullus ndilo mwininkhani, ndipo mneni wake ndi wotanthauza 'adalanda'. Chimene Pausanias adaletsedwa pa malo omwewo zaka zoposa 300 m'mbuyomo, Paullus adachichita popanda womuletsa.

7.0 Mawu Otsiriza

Taona kuti dzina la kazembe lidayamba ndi kukanizidwa pa mwala wa boma, kenaka lidaloledwa koma m'maonekedwe a pamtherankhani, ndipo ntchito zake zidaikidwa m'nthambi yodalira chigamulo cha anthu. Kwa okonza chiyankhulo, pali mfundo zitatu zimene umboniwu ukuchirikiza. Lamulo la kalembedwe la chaka cha 403 B.C. lidagwira chifukwa lidatsata zimene olemba adali atazoloŵera kale. Kalembedwe ka boma kadafika ku magulu aang'ono ngati a ku Rhamnous chifukwa kankawonekera poyera ndi kubwerezedwa. Ndipo umodzi wa chiyankhulo cha boma sudafunike kuti zizindikiro zonse za madera zithe, pakuti Chersonesos ndi Gytheion adalemba damos kwinaku akutsata ndondomeko imene Mgiriki aliyense akadaizindikira.

Ntchito imene yatsala kwa ife ndi kuyang'ana zolembedwa za boma za m'ziyankhulo zathu ndi maso omwewo. Pa mwala wa maziko a sukulu kapena chipatala, pa chikalata cha ulemu ndi pa chilengezo cha boma, tiyenera kufunsa kuti mwininkhani ndi ndani, mneni ali m'msintho wanji, ndipo adasankha kalembedweko ndani.